Kizito Anaopa

Funsani pa boda ya Mwanza, funsani amayi ogulitsa manachesi, onse adzakuuzani kuti dalaivala wolimba mtima ngati Aloysius sanabadwe. Anayamba ndi kupakira makala a eni ake kwa Nthache, lero ali ndi thiraki yakeyake. Ku Beira anafikako, ku Joni, ku Lubumbashi komwe. Mumsewu wa Tete anadutsa pakati pa achifwamba akuimba nyimbo za kwaya. Kumbuyo kwa thirakiyo analembetsa ndi penti yofiira kuti KIZITO SANAOPE, poti Kizito Woyera ndiye nkhoswe ya mphakati wawo ku tchalitchi.

Koma singano ya kuchipatala! Akangoiona, ankafunafuna khomo lothawira. Ankadziwa zimenezi ndi mkazi wake yekha.

Tsiku lina akupakira manachesi opita ku Blantyre, anatulukira mayi Rozina, mmodzi wa ogulitsa manachesi aja, mpango uli m'manja, akupuma wefuwefu. Mayiwa ndi amene anampatsa magazi chaka chimene thiraki inagubuduzika naye pa Zobue, ena onse atathawa poopa mphekesera za anamapopa. Iye singanoyo sanaione, anali chikomokere. Mtundu wa magazi a awiriwa unali umodzi, ndipo ndi wosowa.

"Achimwene, mwana wanga Iness wabereka, koma wataya magazi ambiri. Magazi anga akana, akuti nanenso andichepera. A mtundu wathu ayenera kuchokera ku Blantyre, ndipo anamwino sakudziwa ngati Iness adikire."

"Musalire, amake Iness. Ndalama ndili nazo."

"Ndalama sizilowa mumtsempha, achimwene."

Anakwera thiraki mpaka kuchipatala, Aloysius akuliza hutala ngati wanyamula mkwatibwi. Koma atakhala pabenchi, namwino atang'amba kapepala ka singano, Aloysius anadzambatuka.

"Ndikaone kaye ngati ndatseka chitseko," anatero, n'kutuluka.

Mayi Rozina anakampeza kuseri kwa thiraki atakhala pansi, malemba ofiira aja ali pamwamba pa mutu wake.

"Ndikuopa, achemwali," anatero osadzutsa maso. "Dzina la Kizitoli ndilifufuta. Silindiyenera."

Mayi Rozina anawerenga malembawo, n'kupukusa mutu.

"Bodza limeneli anakulemberani ndani? Vuto lanu, kumphakati mumafika nthawi ya thobwa, mbiri ya oyera itawerengedwa kale. Kizito anaopa."

"Anaopa? Suja amati anapita kukatenthedwa akuseka?"

"Anali wa zaka khumi ndi zinayi, wamng'ono pa onse amene mfumu ya ku Uganda inkawapha chifukwa cha chikhulupiriro. Sanabise mantha ake. Anakauza Karoli Lwanga, amene anambatiza. Lwanga anati, nthawi ikafika ndidzakugwira dzanja, tidzapitira limodzi. Kuseka kumeneko kunabwera atapeza dzanja la mnzake."

Aloysius anakweza maso n'kuyang'ana dzina lija. Maiko onse aja anawayenda osapempha munthu ngakhale madzi akumwa. Kupempha ankakuona ngati umphawi umene anausiya pa matumba a makala. Ndiye woyera mtima, amene dzina lake ankayenda nalo m'misewu, anachita kupempha dzanja?

Anadzuka, n'kusasa fumbi pa thalauza.

"Mwana anakumana ndi moto, ine kasingano. Amake Iness, bweretsani dzanja. Musandisiye ngakhale ndikuwe."

"Mukakuwa ndikauza pa boda ponse."

"Kauzeni. Tiyeni."

Chimunthu chonse chija chinagona pakama, thukuta kamukamu. Singano italowa anatsinzina n'kuyamba nyimbo ya kwaya, mawu akuthothoka ngati injini yosowa dizilo. Namwino analephera kudzigwira, anaseka.

"Mundithyola zala, achimwene! Manachesi ndizinyamula ndi chiyani?" anatero mayi Rozina.

"Gwirani basi!"

Sanadzuke mpaka namwino atanena kuti zakwana.

Kutacha, Iness anakhala tsonga n'kuyamwitsa mwana wake. Aloysius sanapite ku Blantyre asanaitane wopenta. Lero thirakiyo ikamadutsa pa boma anthu amawerenga kuti KIZITO ANAOPA, KOMA ANAPITA, ndipo wofunsa tanthauzo amachedwa ulendo, chifukwa mwini wake nkhaniyo saifupikitsa.

Mayi Rozina atabwera ndi dengu la manachesi kudzathokoza, Aloysius analibweza pamutu pawo.

"Kagulitseni, achemwali. Inu munandithira paindi imodzi, ine ndabweza paindi imodzi. Ngongole yatha."