Mukathirire, Osati Mukadulire

Sizasi anaibwerezanso voice note ya apongozi ake ija, kenako anaika foni kukhutu kwa mwamuna wake.

"Tamvera bwinobwino. Akuti mukadulire, eti?"

Mwamunayo anatsinzina kumvetsera. Mawu a amayi ake ankamveka patali, kumbuyo kuli phokoso la m'chipatala.

"Bebi, akuti mukathirire."

Onse anayang'ana kumpanda. Honeysuckle wa apongozi, amene eni ake ankamutcha kauchi poti ana amayamwa timadzi totsekemera ta m'maluwa ake, anali atasanduka timitengo. Dzulo lake Sizasi, amene dzinali analitengera kusaluni kwake, anakameta konse, waya n'kutsala pamtunda. Kauchiko anabzala ndi malemu apongozi aamuna. Madzulo aliwonse amayi ankakoka mpando n'kukhala pansi pake, kumanunkhiza fungo osayankhula ndi munthu.

"Koma wakapanga brush cut yeniyeni," anatero mwamunayo.

"Usandiseke please. BP yawo ija ikakweranso, ndiye kuti ndapha munthu ine."

"Tithamange kogulitsa maluwa, tigule kena tibzale fasti."

"Kena kayanga waya yenseyu lero lomwe? Uli serious iwe?"

Foni inanjenjemera. Inali meseji ya mlamu wake, amene ankadikirira amayiwo kuchipatala: atitulutsa, tili mu taxi.

Sizasi anawola nthambi zonse n'kukazibisa kuseri kwa nyumba, ngati kuti zimenezo zithandiza. Maluwa oyera ndi achikasu anali atayamba kufota, koma fungo linamukakamira m'manja. Anasamba ndi sopo, silinachoke.

Taxi itaima pageti, apongozi anatsika pang'onopang'ono. M'nyumba sanalowe. Analunjika kumpanda. Mwamuna uja anapeza chochita ndi zikwama.

"Amayi, sorry," anatero Sizasi. "Ndinamva ngati mwati ndidulire."

Apongozi sanamuyang'ane. Anawerama n'kukanda tsinde ndi chikhadabo. Pansi pa khungwa panali pobiriwira.

"Kali moyo," anatero. "Koma maluwa chaka chino tiiwale. Zodulazo mwataya?"

"Zili kuseri."

"Mwabisa?"

"Eya."

"Kazitengeni zisanaume. Mudule tizidutswa, masamba am'munsi muthothole, tizike m'zitini. Tikamathirira timamera mizu." Anapuma kaye. "Ndati kuthirira. Mwamva bwino, kapena ndilembe meseji?"

"Ndamva, amayi."

Apongozi anayang'ana mpando wawo uja, uli padzuwa popanda kamthunzi. Anausisita pamsana kwa kanthawi.

"Uwu mulowetse m'nyumba. Ndidzautulutsa kakadzaphuka."

Sizasi ananyamula mpando. Atafika pakhomo anamva mawu kumbuyo kwake.

"Ndipo tsitsi langali, mwananga, musaliyandikire."