Tsiku limene a Lucien anayamikira vinyo

"Tangoimani bwinobwino, bambo," anatero Solène uku akuwamanga tayi a Fernand. "Mukugwedezeka ngati mwana wokabatizidwa."

"Wandipana pakhosi iwe."

Chipinda chimene a Fernand anapatsidwa pa hotelayo chinali pamwamba pa khitchini. Fungo la anyezi wopserera linkalowera pawindo, loti munthu n'kukhetsa misozi. A Fernand anakoka mpweya n'kunena kuti, "Kamphepo ka kuno n'kabwino." Solène anangotseka windo.

Anali atadziwa kalekale. Chidwalireni chimfine chachikulu m'nyengo yozizira, mphuno ya bambo ake inali itafa. Tsiku lina mkaka unapserera pamoto iwo ali khale pomwepo akuwerenga nyuzipepala. Komabe m'mawa uliwonse ankatsikira kuchipinda chapansi chosungira migolo ya vinyo, n'kumanunkhiza tambula iyi ndi iyo, akugwedeza mutu ngati akumva kanthu. Akachoka, Solène ankabwereza kulawa migolo yonse yekha. Nkhaniyi sanaikambirane ngakhale kamodzi. M'chigwa chawo cha ku Anjou, mlimi wa mphesa akafa mphuno ndiye kuti wake watha, ndipo anthu ankagula vinyo wa a Fernand chifukwa chokhulupirira mphuno yomweyo.

Pabedi panali mabotolo awiri a vinyo wawo woyera amene anapambana mendulo chaka chimenecho.

"Bwanji nditsegule limodzi konkuno, ndione ngati lili bwino?" anafunsa Solène.

"Botolo la mendulo limatsegulidwa pamaso pa anthu. Agogo ako akanakumva akanadzuka kumanda."

Anatola chotsegulira chawo chakale, chachigwiriro cha mtengo wampesa, n'kuchiponya m'thumba la jekete.

Muholo ya phwando lopereka mendulo kwa alimi a mphesa munali mutadzaza kale. Onse anali otopa ndi kukolola, manja akuda ndi madzi a mphesa, masuti akuwathina. Patebulo lawo panali a Lucien, amene munda wawo unachita malire ndi wa a Fernand, mkazi wawo a Ginette, ndi bambo wina wa lesitilanti ya ku Angers amene ankagula kwa a Fernand chaka ndi chaka.

"Aa, afika opanga mankhwala a makoswe!" anafuula a Lucien. "Mendulo inu? Oweruza a chaka chino anali ndi chimfine onse kapena?"

Solène anayang'ana m'mbale yake. Koma a Fernand anaseka.

"Musayambe, achimwene. Wanu uja ndinatsukira thirakitala, penti yonse n'kusupuka."

"Bola wachita ntchito. Wanu ngakhale ntchentche zimalambalala."

Ankatero kuyambira ali anyamata. M'moyo wawo wonse a Lucien anali asananenepo mawu abwino pa vinyo wa a Fernand, ndipo a Fernand ankabwezera chimodzimodzi, kwinaku akubwerekana makwerero ndi antchito.

Zolankhula zinatalika. Wapampando anathokoza meya, meya anathokoza wapampando, nsomba inazizira m'mbale. Kenako dzina la a Fernand linaitanidwa. Anapita kutsogolo akutsimphina pang'ono, n'kubwerako mendulo ili pakhosi.

Mwambo wake unali wakuti wopambana atsegule yekha botolo lake, anunkhize, alawe, kenako athirire anzake a patebulo ndi dzanja lake. Woperekera zakudya sakhudzako. A Fernand anazula chotsekera, anachinunkhiza, anathira pang'ono m'tambula mwawo n'kuizunguza. Analowetsamo mphuno nthawi yaitali.

"Eya," anatero. "Ndi yemweyo."

Anayamba kuthirira a Ginette, n'kumazungulira tebulo. Tambula ya Solène isanafike n'komwe kukamwa, iye anadziwa kuti zalakwika. Munkatuluka fungo la thumba lonyowa limene laiwalidwa pakona ya nkhungu. Chotsekera chinali chitaipitsa vinyo. Zimenezi zimachitikira aliyense, ndipo si zamanyazi: mwini wake amangoti "ili lawonongeka," n'kuliika pansi pa tebulo, n'kutsegula lina. Chamanyazi n'kuthirira anthu.

"Bambo," anatero chapansipansi, "bwanji titsegulenso linalo?"

"Linalo lidikire nthawi yodya tchizi. Khala phee."

Anakweza tambula yawo, nkhope ili ngwee.

"Mukuumva uchiwo? Ndi maapozi akupsa, ndi kaudzu kouma chakumapeto. Ndi wa kumunda wa kumtunda uja, kumiyala."

Ankanena za vinyo amene ankamukumbukira. A Ginette anaika tambula pansi mwakachetechete n'kuyamba kunyemanyema buledi. Bambo wa ku Angers ananunkhizanso kachiwiri, anakwinya nkhope, n'kutsegula pakamwa.

"Pepani a Fernand, koma ndikuona ngati..."

Sanamalize. A Lucien anakweza tambula yawo n'kugugudiza yonse, osatsinzina n'komwe. Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

"Vinyo wabwino uyu, a Fernand," anatero. "Wabwino kwambiri. Onjezerani."

Bambo wa ku Angers uja anatseka pakamwa. Enawo ananyowetsako milomo. A Fernand anathirira a Lucien akumwetulirabe, koma botolo lisanabwerere patebulo kumwetulira kuja kunali kutazima. Anayang'ana a Lucien, anayang'ana botolo, kenako mwana wawo. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Nyama itabwera sanaikhudze, ndipo tchizi chisanafike anati mwendo ukuwawa, akagone.

M'mawa Solène anawapeza m'chipinda chodyera, atavala malaya adzulo omwe aja. Khofi anali atazizira patsogolo pawo. Panja nkhungu inali isanachoke m'minda.

"Mwagona bwanji, bambo?"

"Matiresi a kuno ali ngati thumba la mbatata." Anazunguza kapu pambale yake. "Linali lowonongeka eti?"

"Eya."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

Anagwedeza mutu. "Munthu uja sanayamikirepo kanthu kanga. Ngakhale pa ukwati wanga anati vinyo akukoma sopo. Dzulo atangoti wabwino, ndinamva ngati andiveka nsalu ya maliro." Anayang'ana mwana wawo. "Iwe unadziwa liti?"

"Tsiku la mkaka lija."

"Ndiye migolo ija..."

"Ndinkabwereza mukapita kumunda."

"Ndinkaona matambula ali onyowa," anatero a Fernand. "Ndinkangoti mwina ndi chinyezi."

Solène anawasunthira buledi, iwo n'kumubwezera.

"Ndatopa nazo zonamizira, mwanawe. Munthu kumanunkhiza madzi tsiku ndi tsiku n'kumagwedeza mutu ngati wansembe. Katenge botolo linalo."

Anawapeza a Lucien pabwalo la magalimoto akulongedza zikwama, nkhope ili yotuwa. Bambo wa ku Angers analinso pomwepo akusuta, ndipo a Fernand anamukodola kuti asendere. A Ginette anakabwereka matambula kukhitchini.

"M'mawa uno?" anadandaula a Lucien. "M'mimba mwanga simunakhululuke za dzulo."

"Mwaziyamba nokha," anatero a Fernand.

Anaika botolo pamwamba pa galimoto n'kutulutsa chotsegulira chija m'thumba. Anachiyang'ana kanthawi, kenako anachipereka kwa Solène.

"Tsegula ndiwe. Ine mphuno inapita m'nyengo yozizira, ndipo dotolo akuti mwina sibwerera. Vinyo walandira menduloyu, womusakaniza wake ndi mwana wangayu."

Solène analowetsa chotsegulira chija mopendekeka. Palibe anamuthandiza. Chotsekera chitatuluka ananunkhiza, analawa, n'kulavulira pamiyala.

"Lili bwino," anatero, mawu ali pansi.

"Kweza mawu. Anthuwa ndi okalamba."

"Lili bwino!"

Anathirira onse. Bambo wa ku Angers analawa, n'kumufunsa Solène, osati a Fernand, ngati angabwere kudzaona migolo mwezi wamawa. A Lucien anazunguza tambula yawo, ananunkhiza nthawi yaitali, anamwa pang'ono n'kukwinya nkhope yonse.

"Mayo ine! Ndinkayesa mwana akhala bwinoko kuposa bambo ake. Uyu ndiye ngothirira pa saladi basi."

"Wanu ngakhale saladi angathawe m'mbale, amalume," anayankha Solène, mwiniwake n'kudabwa kuti mawuwo atuluka.

A Fernand anaseka pang'ono, kuseka kotopa. Tambula yawo anaigwira osainunkhiza, kenako anaipereka kwa a Ginette kuti amalize.

Atalowa m'galimoto, Solène anati awabwezere chotsegulira chija. A Fernand anali atatsamira kale pampando wa m'mbali, maso ali otseka.

"Chikuboola thumba langa," anatero. "Sunga. Ndipo uyendetse bwino, mwendowu ukuwawadi."