Kamwala Kamodzi

M'kalasi munadzaza anthu, ena akusuzumira pazenera. Injiniya wa boma anayala mapu a chilumba patebulo, n'kupatsa aliyense kamwala kamodzi.

"Khoma lotchinga nyanja silikwana ponse," anatero. "Musankhe nokha. Ikani kamwala pamapupa, pachitsime kapena pamanda."

Mayi wamasiye wosoka zovala anafumbata kake mwamphamvu. Nyanja inali itadya kale mizere iwiri ya manda, ndipo mwamuna wake anagona pamzere wachitatu. Koma madzi a pachitsime nawonso anali atayamba kumveka mchere, moti kamwana kake kanatha sabata kakutsegula m'mimba.

Apongozi ake, mayi a malemuyo, anamugwira mkono. "Mumusiya mwana wanga akokoloke ngati chinyalala?"

"Bwana, sitingakaswe pakati kamwalaka?" wamasiyeyo anafunsa.

Injiniya anapukusa mutu.

Wamasiyeyo anapita kutebulo n'kuika kamwala pachitsime. Atabwerera anagwada pamaso pa apongozi, osawayang'ana.

"Pepani amayi," ananong'ona. "Mwana wanu samvanso ludzu. Wanga akumva."