Kochi Pettaway Kunja kwa Chitseko

Komatu sikuti anachita kumutulutsa ayi, anatuluka yekha ndi miyendo yake, monga limanenera lamulo, kuti komiti yosanja matimu a mpira wa m'makoleji, uja woponyerana ndi manja n'kumagwetsana, ikafika pokambirana za koleji ya kwanu, uzinyamuka mwaulemu n'kukakhala panja mpaka akuitane — ndipo lamulolo Thurman Pettaway adalilandira ndi manja awiri tsiku limene ankalowa m'komitimo, nanga bwanji lero mtima ukuchita ngati wa mwana amene wathamangitsidwa m'kalasi? Anakhala pampando wofewa m'kolido ya hotela ija ya ku Texas, Lamulungu m'mawa, moyang'anana ndi pokoleka zipewa. Unali mwambo wawo: aliyense asiye chipewa panja, kusonyeza kuti zakwawo wazisiya panja, walowa wopanda mbali. Zamasewera basi. Ndani adavulapo kwawo ngati chipewa?

Mkatimo munatsala malo amodzi okha olowera mumpikisano wa chipulula wolimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ndipo matimu awiri ankawalimbirana: ina yaikulu ya kumpoto, ya dzina, imene inali itagonjako kale chaka chino, ndi Coosa Bend ya ku Alabama, koleji yaing'ono imene Thurman adaphunzitsako mpira mpaka imvi mbuu, imene sinagonjepo ngakhale kamodzi. Nkhani yake inali yosavuta. Ikadakhala yosavuta ndithu, pakadapanda pakamwa pakepa.

Dzulo m'mawa ankakambirana za timu ina, Red Mesa, imene woponya mpira wake, mnyamata amene timu yonse imadya za dzanja lake, adathyoka phewa mwezi watha. Ena ankati musawalange ana osalakwa, kupambana adapambana, zisiyeni momwemo. Ndiye Thurman, amene chaka chonsechi wakhala akungogwedeza mutu n'kumamwa khofi, anaimirira — anaimiriranji, chinamutuma n'chiyani? — n'kutulutsa mawu aja amene kale ankanjenjemeretsa anyamata m'chipinda chovalira.

“Sitikusanja timu ya mwezi watha, anzanga. Tikusanja imene itsike m'bwalo. Galimoto yopanda woyendetsa ndi chitsulo chabe.”

Mitu inagwedera, Garland Teague wapampando wa komiti anachita kubwereza mawuwo mokoma ngati vesi, ndipo Red Mesa inatsitsidwa. Madzulo ake, onse atakhala pamodzi patsogolo pa makanema, mbale za mapiko a nkhuku pamiyendo, Coosa Bend inapambana masewero ake omaliza, koma kutatsala pang'ono kuti athe Tavian Rusk, woponya mpira wake, anagwetsedwa pansi ndi zimphona ziwiri, mwendo n'kupindika pamalo popanda bondo. Palibe amene anayang'ana Thurman. Onse maso anali m'mbale. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mawa la iye silinadikire n'komwe kuti kuche.

Tsopano chimene chinkamudya sichinali mwendo wa Tavian, Mulungu amukhululukire, chinali funso lija: anaimiriranji? Iye ankadziwa, monga aliyense ankadziwira, kuti Red Mesa inali pamwamba pang'ono chabe pa Coosa Bend, kuti ikatsika imeneyo njira ya kwawo yatseguka. Dzina la Coosa Bend sanalitchule, lamulo sanaphwanye, ndipo mfundoyo inali yoona, wakhala akuikhulupirira moyo wake wonse — ayi, bodza limenelo, Thurman, moyo wako wonse uti, si iwe amene unkalalatira atolankhani kuti kupambana n'kupambana, timu siyesedwa ndi maso ngati ng'ombe ya pamsika? Kapena adasintha maganizo pokula, munthu amasintha. Kapena adasintha dzulo lomwelo, mwadzidzidzi, ataona pamene panali phindu. Anafufuza mumtima mwake ngati munthu wofuna makiyi m'thumba lobooka, osapezamo kanthu kogwirika.

Kale kunalibe zitseko zotere. Chaka chija, ali kochi wachinyamata wa ndevu zakuda bii, Coosa Bend itamaliza osagonja, katswiri ankasankhidwa ndi olemba nyuzi a m'mizinda yakutali, anthu oti sadapondeko ku Coosa Bend, sadamveko utsi wa nthiti zowotcha utakuta msewu wa kubwalo Loweruka masana, kapena ng'oma za bandi zikugunda mpaka mawindo a tchalitchi kunjenjemera. Tawuni yonse idadzazana mometera tsitsi mwa a Lucius kudikira wailesi, ena atakhala pa mabokosi a zakumwa, ena akusuzumira pawindo, ndipo wailesiyo itatchula ena, a Lucius adangoizimitsa n'kunena kuti wotsatira abwere adzamete. Zidawawa, inde zidawawa, koma kudali kuwawa kokoma, kwa anthu onse pamodzi, chifukwa wolakwa adali kutali, wopanda nkhope, woti mutha kumutukwana momasuka mukudya. Loweruka lotsatira adapanga chionetsero chawochawo, anyamata atakwera pa ngolo za mathirakitala, azimayi a kwaya akuwaponyera mtedza, ndipo Earline, mkazi wake, malemu tsopano, adakazinga milamba mpaka mafuta kutha m'sitolo, nagawira aliyense wodutsa ndi chigumu chotentha. Ha, Earline! Usiku wake adamupeza Thurman atakhala pakhonde nkhope ili gwaa, namuuza kuti asiye kutupa ngati chule, anthu amene sadakuonepo sangakuchepetse, ndipo ngati zikumuwawa choncho adzalowe yekha m'chipinda chimene amasankhiramo akawauze.

Adalowamodi, patapita zaka zambirimbiri, Earline atagona kale kumanda a kuseri kwa tchalitchi. Ndipo taonani zimene wakawauza.

Kuseri kwa chitseko kunamveka kuseka, kwakufupi. Akuseka chiyani? Pali choseketsa pa mwendo wa mwana wa eni? Kapena akuseka iye, mdala wochenjera amene wadzitchera yekha msampha. Mwina onse anaona dzulo lomwelo chimene ankachita, Garland anaona, n'chifukwa chake anabwereza mawu aja mokoma chonchija, kuwasunga bwinobwino ngati mpeni. Ayi, Garland si munthu wotero, adabwera pamaliro a Earline pa ulendo wa tsiku lathunthu. Anatchera khutu. Anamva liwu la Odessa Whitlock, mayi uja wa pakamwa pakuthwa amene kale ankayang'anira zamasewero pa koleji ina ya ku Ohio, amene chaka chonsechi wakhala akumuseka kuti mdala, mwagona kapena mukupemphera, koma mawu ake enieni sankamveka, chitsekocho chinali chochindikala. Odessa dzulo anali mbali ya Red Mesa. Ndiye kuti lero, ngati ali wachilungamo, aikira kumbuyo Coosa Bend pa chifukwa chomwecho — kapena, ngati ali wachilungamo mwa mtundu wina, anena kuti muyezo umene tayezera ena tiyezere onse. Chilungamo chomwecho, nkhope ziwiri, ndipo zonse zinkamuyang'ana iye.

Anaimirira, mawondo akudandaula, n'kupita pawindo la kumapeto kwa kolido. Pansi apo banja lina linkakwera galimoto, litavala za kutchalitchi. Ku Coosa Bend nthawi ino abusa afupikitsa ulaliki, amatero chaka chilichonse mpira ukafika pamenepa, amati Ambuye amamvetsa. Anyamata asonkhana m'holo yodyera kudikira chilengezo cha masana, Tavian ali pa njinga ya olumala kutsogolo, ndipo Cedric Boykin waima kumbuyo manja m'thumba. Cedric, kochi wa timuyo tsopano, amene Thurman adakamutenga yekha kwa amayi ake ali wowonda ngati bango, nalonjeza pakhomo paja kuti adzamusamala ngati wake. Chiyambire mpira chaka chino Cedric sadamuimbireko foni. Adanena yekha mu Ogasiti, ataima pa geti la bwalo, kuti Kochi, tidzayankhulana mu Januwale, sindikufuna munthu adzakunenereni kanthu chifukwa cha ine. Ulemu wake umenewo. Mwanayo adakhala chete miyezi yonseyi kuti dzina la mdala wake likhale loyera, mdalayo n'kukatsegula pakamwa.

Bwanji osangogogoda? Atalowa n'kunena kuti anzanga, dzulo ndinalakwitsa, timu ndi anyamata onse, si dzanja la mmodzi, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo — lamulo aliphwanye, amuchotse m'komiti, zili ndi kanthu, zaka zatsala zingati? Miyendo inali itamufikitsa kale pafupi ndi chitseko pamene nzeru inamupeza. Ngati dzulo analakwitsa, ndiye kuti Red Mesa ibwerere pamalo pake, pamwamba pa Coosa Bend, malo otsala aja n'kukhala a Red Mesa. Ngati sanalakwitse, Coosa Bend nayonso ndi chitsulo chabe. Uku moto, uku madzi, ndipo zonse anaziyala yekha, palibe wakutali woti amutukwane. Anamva chisoni chachikulu, chopanda pothawira, ndi manyazi, ndipo anawalakalaka olemba nyuzi aja amene adawada zaka zonsezi.

Anabwerera pampando. Khofi wa m'kapu yapepala anali atazizira, anamumwa choncho. Anayesa kukumbukira nkhope ya mnyamata wa ku Red Mesa uja, wothyoka phewa, n'kupeza kuti saidziwa, ankadziwa nambala ya pa malaya yokha. Nayenso ali ndi amayi ake, nakonso kuli kometera tsitsi kumene adzazana masana ano, kuli mayi wina amene wagula kale nsomba — ndipo iye, Thurman Pettaway, sadapondeko ku Red Mesa, sadamveko bandi yawo, adangowayeza ndi maso pa kanema n'kuwatcha chitsulo. Ndiye kuti kwa iwo munthu wakutali uja, wopanda nkhope uja, ndi iyeyo. Earline akadaseka kapena akadalira, sankadziwa, ndipo kusadziwako kunamuwawa koposa, chifukwa kale ankadziwa zimene anene asanatsegule pakamwa.

Dzuwa linali litasuntha pa kapeti pamene chitseko chinatseguka. Anali Odessa. Sanamuseke. Anagwira chitsekocho ndi manja onse awiri, n'kuima pambali.

“Bambo Pettaway, mutha kulowa.”

Bambo Pettaway. Umdala uja wapita kuti? Analowa, ndipo wina anali atamukokera kale mpando, wina atamuthirira khofi watsopano m'kapu yadothi, wothira mkaka monga amakondera, ndani anadziwa kuti amakonda choncho. Onse ankamuyang'ana ndi maso ofewa, kupatula Odessa amene ankayang'ana patebulo. Kanema wamkulu woonetsa matimu monga awasanjira anali kumbuyo kwake, ankamva kuwala kwake pakhosi ngati dzuwa, koma khosi linakana kutembenuka. Garland anadzuka, namugwira paphewa.

“Sikunali kophweka, Kochi. Koma tatsatira mawu anu a dzulo. Palibe amene adzanene kuti komiti ino imakondera.”

Thurman anagwedeza mutu. Anafungata kapu ija ndi zikhatho zonse, ikutentha, nayembekezera kuti chisoni chimugwere chonse, cha Tavian, cha Cedric amene waima kumbuyo kwa holo, cha tawuni imene ikuthamanga kuchoka kutchalitchi — ndipo chinabweradi, koma pansi pake panali kanthu kena, kakang'ono, kofunda ngati kapuyo, kamene anakazindikira mwamantha: mpumulo. Tsopano palibe amene adzafunse chimene anaimirira dzulo. Wayera. Amuyeretsa ndi anyamata ake omwe, ndipo Garland anali atayamba kale kufunsa ngati a Kochi ali ndi mawu pa matimu otsalawo, anthu onse aja atatembenukira kwa iye mwaulemu, zolembera m'manja, kudikira kuti munthu wachilungamo ayankhule.