Kasitika Kofiira Pansi pa Laputopu

"Munaizimitsa ili pakati pa ntchito, eti?" anafunsa mayi wa pa kauntala, akutembenuza laputopu ija chadodolido.

Madamu, monga ankawatchulira ana a sukulu ndi makolo omwe, anacheukira alamu awo. Alamuwo, achemwali a malemu amuna awo, anali kalikiliki kusisita mafiriji a m'shopumo ngati kuti anabwerera zimenezo.

"Inazimitsidwa," anayankha Madamu.

"Musadandaule, mwafika nthawi yabwino, waranti yoikonzera ulere ikutha mawa. Tiitumiza kwa eni ake, akafufute zonse n'kuikamo pulogalamu yatsopano. Ibwera ngati yongotuluka m'katoni."

"Akafufute zonse?"

"Zonse, mayi, ndiwo malamulo awo. Koma taonani apa." Analoza kasitika kofiira komatidwa pamwamba pa sikuluwu imodzi. "Aka kakangong'ambika, ife sitikudziwani."

Madamu anaikokera laputopuyo kwa iwo. Mu laputopumo munali mawu a amuna awo, amene anamwalira miyezi inayi yapitayo. Matenda atawagoneka pakhomo, bambowo ankadzitsekera kuchipinda n'kumajambula mawu awo, kuyankhula ndi mwana amene Madamu anali akuyembekezera. "Musamvere panokha," anatero. "Mudzamvere limodzi akadzayamba kuzindikira." Madamu anamvera lamulolo. Ngakhale kukopera mawuwo pa fulashi sanakopere, chifukwa ankaona ngati kutero n'kusamutsa munthu amene wagona bwinobwino.

Laputopuyo inkadziwa nkhope ya mwini wake. Munthu akangoitsegula, kagetsi kofiira ka pambali pa kamera kankayamba kuphethira, kufunafuna malemu. Kakalephera, m'pamene inkalola kuti Madamu alembe manambala achinsinsi. Iwo anazolowera, moti masiku ena ankaiyankha ndi pakamwa kuti, "Kulibe." Koma alamu, amene anabwera kudzawathandiza ntchito za pakhomo, ankadutsa patali ndi tebulo limene inkakhalapo.

Dzulo lake m'mawa, laputopuyo inapemphanso kuti isinthe pulogalamu yaikulu yoiyendetsa. Inali itavutitsa sabata yathunthu, ndiye Madamu anangodina kuvomera, n'kuisiya pa chaja, ulendo wa kusukulu. Alamu akusesa pabalaza, chinthucho chinazima chokha. Chinayakanso chokha. Kachitatu konse chinatero, fani yake ikupuma mobanika ngati munthu wodwala chifuwa. Kenako pasikirini panatuluka dzina la mchimwene wawo, ndi moni pamwamba pake. Alamu sanafunse munthu. Anazula chaja, anapanikiza batani mpaka zonse zinati zii, n'kuivundikira ndi thaulo. Kuyambira pamenepo, sikirini inkangoonetsa timadontho tozungulira mumdima, kenako kuzima, kenako kuyakanso.

"Ndikaganize kaye," Madamu anauza mayi wa pa kauntala, n'kuika laputopu m'chikwama.

Atatuluka panja, alamu anayamba. "Mlamu, mukanangowasiyira akaitsuke. Chinthu chodzuka chokha dzuwa likuswa mtengo, n'kumatchula munthu amene tinaika m'manda? Ine ndinalakwa, ndavomera, koma inunso mukanathawa."

"Inalemba kuti musaizimitse, alamu."

"M'chizungu! Ndipo munthu ukuona dzina la malemu ungawerengenso zina?"

Madamu anali atakwiya, komabe ankadziwa kuti mayi ameneyu ndiye anasenza nawo matenda mpaka tsiku lomaliza. Mkwiyo wotere ulibe kokautula.

Anakhotera m'kanjira ka kuseri kwa shopu yometera, kumene kunali kachipinda ka munthu wokonza makompyuta, amene anthu ankangomuti Dokotala. Kachipindako kanalibe zenera. Masikirini akufa anasanjikizana mpaka kudenga, ndipo aliyense ankaonetsa nkhope ya wolowa, yakuda ndi yopindika. Munkanunkha fumbi ndi waya wopsa.

"Wodwala ndi uti, mayi kapena chikwama?" anafunsa Dokotala, bambo wadazi wovala magalasi awiri, ena pamphuno ena pamphumi.

Madamu anafotokoza zonse, osasiyako ngakhale za thaulo. Dokotala anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, inuyo ndinu oopsa. Amisiri agwetsa nyumba yakale, yatsopano ili m'mawindo, inu n'kuwathamangitsa ndi tsache!"

"Sekani, si mbale wanu," anatero alamu, akukhala pa mpando wapafupi ndi khomo.

Dokotala analowetsa fulashi yake, anadina apa ndi apo, anadikira. Anayesa ina. Timadontho tija tinangozungulirabe. Pamapeto pake anatsitsa magalasi achiwiri n'kupukusa mutu.

"Pakhomo yakana. Njira yatsala imodzi: ndiitsegule kumimba, ndichotse disiki imene imasunga zinthu, ndiiwerenge pa kompyuta yangayi. Ngati bambo sanaikhome ndi loko wachinsinsi, mawu awo tiwapeza. Koma ndisakunamizeni. Mwina sitipeza kanthu, ndipo ngati mwapsa china m'katimu, kushopu kuja sakakulandiraninso. Mutsala ndi thireyi yoperekera madzi."

Madamu anaganiza za mayeso a ana ndi mapulani a maphunziro, zimene zonse ankalembera pa laputopu imeneyi. Ina sakanaipeza msanga, makamaka pano mwana ali panjira. Anagwira pamimba.

Pamenepo laputopu ija, imene Dokotala anali ataizimitsa n'kuikankhira pambali, inapuma. Fani inayamba pang'onopang'ono, kukoka mpweya n'kuutulutsa. Sikirini inali bii, koma kagetsi kofiira kanayaka. Kanaphethira moyang'ana Dokotala, moyang'ana Madamu, kenako kanangoti tong'oo kuloza pampata wopanda munthu pakati pa awiriwo.

"Mwaona?" ananong'ona alamu, dzanja lili pa chitseko.

"Ndi pulogalamu chabe, ikuyesa kudzikonza," anatero Dokotala. Komatu sanasekenso, ndipo mpando wake anausuntha pang'ono.

Madamu anachita mantha, koma pansi pa manthawo panali chisoni. Chinthucho chinali kufunabe munthu yemweyo amene iwo ankamufuna m'mawa uliwonse akatembenukira mbali ina ya bedi.

"Tsegulani," anatero Madamu.

Dokotala anaizimitsanso, anaigadabuza, n'kupinda manja. "Kasitikako sinding'amba ine. Kale ndinkang'amba, anthu n'kumabwera mawa lake ndi amuna awo kudzanditukwana. Pano amang'amba mwini wake, mboni ikuona."

"Mlamu, taganizani bwino," anatero alamu. "Mwana adzaona zithunzi."

"Zithunzi siziitana munthu, alamu."

Madamu analowetsa chikhadabo pansi pa kasitikako. Kanali kouma, ndipo kanangonyenyeka timagawo tofiira totsalira m'chala. Dokotala anamasula masikuluwu, kuwaika mu chivundikiro cha botolo, n'kusolola kachitsulo kosaposa chala cha mkombaphala. Madamu anadabwa kuti zonse zimene zinatsala za mawu a munthu wamtali uja zingakwane pamenepo.

Dokotala anakalumikiza ku kompyuta yake. Panapita nthawi, kunja makina ometera akulira. Kenako pasikirini panatuluka mafoda.

"Sanakhome," anatero Dokotala, akupuma mozama. "Nawa, alipo khumi ndi anayi. Ndikopera pa mafulashi awiri, imodzi mukasunge kwina. Koma tiyeseko amodzi, mwina anaonongeka pozimitsa paja. Musapite kunyumba ndi makoko."

Madamu anazengereza. Analonjeza kuti sadzamvera okha. Kenako anayang'ana pamimba pawo n'kuona kuti sali okha.

"Omalizawo," anatero.

Poyamba sipika inangotulutsa mpweya, kupuma kolemera kumene Madamu ndi alamu ankakudziwa bwino. Alamu anasiya chitseko n'kugwira pakamwa.

"Mwana wanga, ndabweranso," anatero mawuwo, otsika koma omveka, ngati munthuyo waima kuseri kwa masikirini aja. "Lero ndikufuna ndikuuze za mmene umangira tayi, kaya udzakhala mnyamata kaya mtsikana, chifukwa amayi ako sadziwa."

Kenako munamveka kugogoda, ndi mawu a mkazi patali, akuthwa ndi otopa: "Kodi muzingoyankhula ndi makinawo mpaka liti? Madzi osamba akuzizira, ine sinditenthetsanso!"

Madamu anawazindikira nthawi yomweyo. Anali mawu a iwo eni. Tsikulo analikumbukira: usiku wake bambowo anapita kuchipatala osabwerakonso, ndipo kukalipa kumeneko kunawadya mumtima miyezi yonseyi.

M'sipikamo bambo anaseka chapansipansi. "Wawamva amayi akowo? Akamakalipa chonchi ndiye kuti akuopa. Usamawabwezere, uzingopita pafupi. Tadikira pompo, ndikubwera."

Bedi linalira. Masilipasi anakhwekhwereza pansi, chitseko chinatseguka n'kutsekeka. Mawu anatha, koma kujambula sikunathe, pakuti bambowo anaiwala kuimitsa. Munkangomveka chipinda chopanda munthu: katani ikukhudza zenera, ndi madzi akukhavukira patali. Kamzere ka pasikirini kankaonetsa kuti kwatsala mphindi makumi anayi.

Dokotala anatambasula dzanja kuti aimitse.

"Isiyeni," anatero Madamu, misozi ikutsika osaipukuta. "Anati tidikire."

Alamu anakoka mpando wawo kuchoka pakhomo paja n'kudzakhala pambali pa mlamu wawo. Kasitomala wina anagogoda, koma Dokotala sanadzuke. Atatuwo anangokhala n'kumamvetsera ngati chitseko chija cha m'sipikamo chitsegukenso.