Makiyi a Mayi Kanagam

"Chotsa timawaya timeneto m'makutu, alendo ali panjira," anatero Mayi Vasantha, uku akumangirira maluwa a jasimini m'tsitsi la mwana wawo Thenmozhi.

"Amayi, nyimbo sinathe."

"Udzaimaliza kubanja. Taimirira ndione mmene wavalira nsalu ya sariyo."

Thenmozhi anali ndi khunyu kuyambira ali pasukulu. Mu mzinda wonse wa Dindigul, ku India kuno, amene ankadziwa zimenezi anali mayi ake, dokotala, ndi malume ake a Sundaram basi. Mtsikana wakugwa amamufunsira ndani? Malumewo ndiwo anali atapeza mnyamata, Ilango, wokonza magetsi, ndipo tsikuli iye ndi mayi ake ankabwera kudzaona mbeta.

Za nyimbozi anayambitsa ndi dokotala. Anati mtsikanayu azimvera chitoliro chofatsa pafoni tsiku ndi tsiku, poti ena zimawachepetsera kugwa, koma mapiritsi asasiye. Mayi Vasantha amagulitsa maluwa pamsika ndipo mawu oyamba a munthu sawavomera.

"Adokotala, ziwiri zonsezi za chiyani? Sankhani chimodzi."

"Kuno si kumsika, mayi. Zonse ziwiri."

Dzinja lonse linatha mwana osagwa. Apa mayi anayamba kuwerengera zawo. Mapiritsi ankamulemetsa zikope, ankaoneka ngati wadzuka kumene. Komanso kunyumba ya apongozi ungabise pati botolo la mankhwala? Pomwe nyimbo aliyense amamvera, palibe angafunse. Ndiye nkhani ya banja itangoyamba, anatenga botolo lija n'kulikwirira mu mpunga wa m'chitini.

"Mlongo, ukuseweretsa moto," a Sundaram anachenjeza.

"Achimwene, inu ntchito yanu ndi kubweretsa mkamwini. Udokotala munauphunzira kuti, kokwerera basi?"

Alendo anafika dzuwa litatentha. Mayi Kanagam, mayi a mnyamata, anali munthu wathupi, makiyi a nyumba yonse ali lende m'chiuno. Anakhala pampando wabwino osadikira kuuzidwa. Ilango anangoti maso pa zala za kumapazi kwake.

Thenmozhi anatuluka ndi khofi m'thireyi, osagwetsa ngakhale dontho. Anawerama n'kugwira mapazi a akuluakulu powapatsa ulemu. Mayi Kanagam anamuyang'ana tsitsi, mano, mayendedwe.

"Kuphika amatha?"

"Mukadya zake, kwanu simubwerera," anayankha Mayi Vasantha.

"Onse ogulitsa amatero. Maluwa a dzulo amawawaza madzi."

"Anga ndi a lero, asewere. Nunkhizani."

Anaseka onse, ngakhale Ilango. A Sundaram anapukuta thukuta pamphumi.

"Chabwino," anatero Mayi Kanagam. "Mwana wanga, tatiimbira kanyimbo. Mkamwana wopanda mawu ine ayi."

Thenmozhi anakhala pamphasa. Nyimbo ina sinamubwerere koma yachitoliro ija, yopanda mawu, ndipo anayamba kuing'ung'udza chapansipansi. Inali yokoma. Ilango anatukula mutu koyamba n'kumuyang'ana, ndipo sanabwezenso maso pansi. Mayi Vasantha anatsina mlongo wawo pamkono.

Kenaka nyimbo inaduka. Maso a mtsikana anatembenuka, thupi linauma, anagwa chammbali n'kugunda thireyi. Miyendo inayamba kuphupha, thovu likutuluka pakamwa, maluwa ali mbwee pansi.

"Ndi njala!" anakuwa Mayi Vasantha. "Sanadye chilichonse, ndi kutenthaku, ndi njala chabe!"

Mayi Kanagam anali atagwada kale. Anamasula makiyi m'chiuno mwawo n'kuwafumbatitsa m'dzanja la mtsikanayo, monga amachitira anthu kuno, ati chitsulo chimaziziritsa matendawa. Anamugoneka chammbali, n'kumupukuta pakamwa ndi nsonga ya sari yawo. Ankaoneka kuti si koyamba.

"Njala ndimaidziwa, mayi," anatero osatukula mutu. "Izinso ndimazidziwa. Mng'ono wanga anali chomwechi. Tinabisa, tinamukwatitsa. Anagwera pamoto akuphika, ndipo anatibwezera ali ndi zipsera, ngati mbale yosweka."

"Uyu amachira! Pali nyimbo yake, dokotala anatipatsa. Dzinja lonse osagwa, funsani achimwenewa." Mayi Vasantha anayamba kuvula zibangili za m'manja mwawo. "Tengani izi. Ndolo izinso. Tchulani chimene mukufuna, tikambirane ngati anthu."

"Valani zinthu zanu."

"Amayi," Ilango anayamba, "mwina tikanati..."

"Iwe pita ukaimitse galimoto."

Mnyamata anaima pakhomo kanthawi, akuyang'ana pamphasa paja. Kenaka anavala nsapato zake n'kutuluka.

Mayi Kanagam sanachoke msanga. Anadikira mpaka kuphupha kutatha, zala za mtsikana zitafewa. Anazitambasula chimodzichimodzi, n'kutenga makiyi awo, n'kuwamangiriranso m'chiuno.

"Ine sindiuza munthu," anatero. "Koma mazenera anu anali otsekula."

Zinalidi zoona. Akazi a nyumba yoyandikana, amene anabwera kudzasuzumira mkamwini, anali atabalalika kale. Pofika mawa msika wonse wa maluwa ukhala utamva.

A Sundaram anaperekeza alendo, ndipo sanabwerere.

Thenmozhi anatsitsimuka pang'onopang'ono, lilime litalumika. Anayang'ana makapu ogubuduka, mpando wopanda munthu, kenaka mayi ake.

"Amayi, ndinaimba bwino?"

"Unaimba bwino. Gona."

"Apita?"

"Mvula ikakuona litsiro sikata, mwanawe. Gona ndati."

Mayi Vasantha analowa kukhitchini. Anapisa mkono mu mpunga mpaka m'chigongono, n'kutulutsa botolo lija. Anabwera ndi madzi, anamwetsa mwana piritsi limodzi, n'kumuvekanso timawaya m'makutu. Botolo analiika pazenera, poonekera aliyense wodutsa. Kenaka anagwada n'kuyamba kutola maluwa a jasimini pansi, kupatula amene sanapondedwe.