Mahedifoni a Namfedwa

Dzina la amuna awo a azakhali Verona sindilitchula, ndipo musandifunse. Kwathu munthu akamwalira timangoti Kumanjayi m'malo mwa dzina lake. Zovala zake timawotcha, zithunzi timafufuta, nyumba timaisiya, ndipo mawu ake sayenera kulowanso m'khutu la wachibale. Vuto linali lakuti malemuwo anali oimba gitala, moti mawu awo anali m'foni ya pafupifupi aliyense m'mudzimo. Maliro asanathe n'komwe, anthu anali atafufuta zonse.

Azakhali anasamukira kunyumba ya azimayi opanda amuna, komwe amagona mothithikana, matiresi kugundana. Kumeneko kunalinso apongozi awo, mayi Napanangka, amene malemuwo anali mwana wawo womaliza kutsala ndi moyo. Azakhali anameta tsitsi, anadzola dothi loyera, n'kutseka pakamwa monga mwambo wa namfedwa umanenera. Atsikana a masiku ano amapirira sabata imodzi kenako n'kuyamba kulongolola pafoni. Azakhali miyezi inkapita akulankhula ndi manja okha, ndipo mayi Napanangka ankawanyadira chifukwa cha zimenezo.

Ine ndine Lorelle, mwana wa mchimwene wa azakhaliwo, ndipo ndimayendetsa galimoto ya kiliniki. Tsiku lina ndinawatenga kupita nawo kutawuni ya Alice Springs kukayezetsa maso. Tili pakati pa msewu wafumbi uja, anandigwira pamkono, anatulutsa foni m'kamisolo, manja awo n'kunena kuti, “Nyimbo imodzi ilimo. Sindinafufute.”

Ndinangotsala pang'ono kulowetsa galimoto m'tchire.

“Azakhali, mwapenga? Mukufuna apongozi anu aja akomoke? Nanga ineyo mwandiuziranji? Mukanangofa nacho chinsinsi chanucho!”

Anandisiya ndikalipe mpaka mpweya unandithera. Kenako anandionetsa timahedifoni tating'ono ta m'sitolo ya kumudzi, tosomeka m'khutu tija. Manja anafotokoza kuti timalira ngati udzudzu, mawu a munthu osamveka bwino, komanso timataya mawu kunja. Mayi wina wogona pafupi nawo anali atafunsa kale kuti chikulira m'bulangetimo n'chiyani. Ankafuna ena, omveka bwino, oti ngakhale wokhala nawo phewa ndi phewa asamve kanthu.

Ndinakwiya, komanso ndinawamvera chisoni kwambiri. Anthu awiriwa anakhala limodzi kuyambira ali ana asukulu, ndipo kanyimbo kameneko n'komwe kanatsala. Titatuluka kuchipatala ndinakhotera kusitolo ya zamagetsi ndikung'ung'udza.

Mwini sitoloyo anali mzungu wamimba yake, baji yapachifuwa yolembedwa kuti Trevor. Titangolowa anasiya zomwe ankachita n'kuyamba kutilondola, maso ali pazikwama zathu.

“Ndikuthandizeni, amayi?”

“Tabwera kudzagula, bambo, osati kudzaba,” ndinamuyankha. “Zikwama ndi izi. Secheni kaye kuti mtima ukhale pansi, kenako mutionetse mahedifoni.”

Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu. Koma ndisamunamizire, nkhani ya mawu ankaidziwa, ndipo atangoiyamba anaiwala zoti amatikayikira. Anatulutsa oyamba m'kabati mwaulemu ngati wanyamula khanda.

“Awa ndiye eni ake. Mukuona timabowo kumbuyoku? Mawu amapuma. Mumamva ngati woimbayo wakhala pakhonde panu. Ine kunyumba ndili ndi omwewa.”

Azakhali anawasomeka kufoni n'kuika nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwathu, yoti aliyense angamve popanda mlandu. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka pamafiriji, koma kwaya yonse ndinkaimva, ndi mayi wina wa m'kwayamo amene amasokoneza nyimbo yemwe.

“Ayi, bambo Trevor, awa ndi wailesi ya mudzi wonse. Tikufuna otseka.”

“Otseka kumbuyo? Alipo, koma mukutaya zabwino.” Anayang'ana azakhali, n'kutsitsa mawu. “Kodi mayiwa salankhula?”

“Amalankhula kuposa inu ndi ine kuphatikiza. Panopa akupuma kaye. Tulutsani enawo.”

Achiwiriwo anali ofiira, onyezimira, a anyamata oyenda mogwedeza mutu. Kunja sankataya mawu kwenikweni. Koma azakhali anangomvera pang'ono n'kukwinya nkhope. Manja anati, “Gugugu yekhayekha. Munthu akumveka ngati akuimbira mumgolo.”

Nditamasulira, Trevor anaseka koyamba. “Khutu ali nalo mayiwa. Amenewa anawapangira ng'oma, mawu a munthu amamira. Ndiye inu mukufuna mawu a munthu, eti?”

Ndinangovomera ndi mutu. Anapita kuseri n'kubwera ndi ena akuda, osakongola n'komwe, olemera, a chingwe chopotana. Anati amenewa amavala oimba akamajambula nyimbo, kuti zimene akumva m'makutu zisatulukire kunja n'kulowa m'chojambulira. Khushoni yake imazungulira khutu lonse n'kumata. Sawonjezera kanthu, sachotsa kanthu.

“Tayesani inuyo kaye, mayi olusa,” anandiuza.

Ndinawavala. Sitolo yonse inangoti zii, ma TV onse aja kungotsala pakamwa pokha. Kenako kwaya inalowa, yoyera bwino, aliyense pamalo pake. Ndinatembenukira kwa azakhali n'kuwanong'oneza kuti, “Chimimbachi chikudziwa ntchito yake!”

Ndinangoona anthu onse a m'sitolomo atembenuka. Nditavula, Trevor anali atagwira mimba yakeyo.

“Chimimba chamva, zikomo,” anatero. “Ndi mmene alili amenewa. Wekha sudzimva.”

Tinaseka tonse, ngakhale azakhali anagwira pakamwa mapewa akugwedezeka. Mawu a Trevor amenewo tinawasiya pomwepo pamodzi ndi nthabwalayo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Kenako azakhali anavala okha. Anandiyang'ana, ine n'kudziwa kuti tsopano sakuika kwaya. Ndinazengereza, chifukwa malemuwo kwa ine anali atsibweni aulemu wawo, ndipo mawu awo sindinkayenera kuwamva. Komabe woyesa anali ine, panalibenso wina. Ndinayandikira mpaka tsaya langa kukhudza pulasitiki ija, nditaluma mano. Sindinamve kalikonse.

Azakhali anatseka maso. Anaima chomwecho pakati pa maketulo ndi mafani, misozi ikutsika n'kumadontha pachibwano, osaipukuta. Nyimbo itatha manja awo anati, “Ndikumva akukoka mpweya asanayambe mzere. Ndikumva zala zikutsetsereka pazingwe.” Trevor anakulunga katunduyo mwakachetechete, ndipo bokosi tinalitaya m'bini ya panja kuti kumudzi lisakabutse mafunso.

Kwa milungu ingapo zinayenda. Azimayi ankaganiza kuti namfedwa akumvera nyimbo za Mulungu, ndipo mayi Napanangka anavomereza ndi mutu. Azakhali anayambanso kudya bwino. Masana ankapita kuseri kwa nyumba, komwe kuli chigalimoto chakufa chopanda matayala, n'kukhala pampando wakutsogolo mahedifoni ali kumutu. Ine ndinkadziuza kuti ndinachita bwino.

Lamlungu lina ndinabweretsa michira ya kangaru. Tinaikwirira paphulusa, azimayi n'kuyala mabulangeti pamthunzi kuyamba makhadi. Kunkatentha koopsa, agalu ali lambalamba. Mayi Napanangka ankaluza ndipo ankanena aliyense kuti ndi wakuba.

Ndiye kuseri kunamveka mawu. Poyamba ndinkayesa mwana akulira, chifukwa anali mawu okhakhala, a pakhosi poti pakhala miyezi posagwira ntchito. Kenako anawongoka n'kukhala nyimbo. Tonse tinkaidziwa. Inali ija malemu anapeka yonena za msewu wobwerera kwawo mvula ikagwa, imene inkaimbidwa pa mpira uliwonse. Azakhali ankaiimba mokweza, ndi mtima wonse, mosaphonya liwu. Pothera ndime anaitana amuna awo ndi dzina lawo lenileni.

Makhadi anagwa m'manja. Mayi Napanangka anatulutsa mfuu umene ndinaumva komaliza tsiku la maliro, anatola chitini cha nyama chotsegula n'kudzitema nacho pamutu monga olira amachitira kwathu, kawiri, katatu, azimayi asanawagwire mkono. Magazi anatsikira m'maso. Nyumba yonse inayamba kulira, maliro n'kuyambiranso pomwepo.

Ndinathamangira kuchigalimoto kuja. Azakhali anali atatsamira, maso ali chitsekere, akumwetulira, akuimbabe. Kulira konse kuja sankakumva. Ndinakuwa dzina lawo, osamva. Ndinawazula mahedifoniwo kumutu, ndipo m'manja mwangamo munatuluka timawu tating'ono ta mwamuna ndi gitala. Ndinawamva atsibweni anga. Anawamvanso azimayi amene anali atafika kumbuyo kwanga.

Azakhali anatsegula maso, anaona ine, anaona anthu, anaona apongozi awo akubwera atagwiriziridwa uku ndi uku nkhope ili magazi okhaokha. Anagwira pakhosi pawo ngati akufuna kubweza zimene zatuluka.

Mayi Napanangka sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa.

“Mwana wanga ndinamuika m'manda,” anatero ndi mawu otsika. “Iwe ukumusunga m'kamisolo, ukumuitana masanasana. Ukufuna azingozungulira pano osapita kwawo? Ndinkati ndili ndi mpongozi.”

Anatambasula dzanja kufuna foniyo. Palibe anawakakamiza azakhali. Anazula chingwe, anayang'ana foniyo kanthawi, koma sanaipereke. Anatsika m'chigalimotomo, anayenda okha mpaka pamoto paja, n'kuiika pamakala pambali pa michira ya kangaru. Inanunkha moipa, ndipo nyamayo palibe anaidya.

Mayi Napanangka tinawasoka mutu kukiliniki madzulo omwewo. Ine anandiletsa kuponda pakhomopo kwa nthawi ndithu, ndipo sindinadandaule, chifukwa woyendetsa galimoto yopita kusitolo ndinali ine.

Miyezi ya mwambo inatha kalekale. Akuluakulu anachita zonse zomasula pakamwa pa namfedwa, koma azakhali sanayambirenso kulankhula. Ndikamadutsa ndi galimoto ya kiliniki ndimawaona m'chigalimoto chija, mahedifoni ali kumutu, chingwe chili lendelende pachifuwa chosalumikiza kulikonse. Tsiku lina ndinaima n'kuwafunsa ndi manja kuti akumva chiyani mmenemo.

Manja awo anayankha kuti, “Ndikuyesa kukumbukira pamene ankakokera mpweya. Payamba kundisowa.”